Ma exosome

Ma exosome ndi timatumba ting'onoting'ono timene maselo a m'thupi amatulutsa. Kukula kwake ndi mananomita 30 mpaka 150, moti sitioneka ndi maikulosikopu wamba. Timanyamula mapuloteni, mafuta ndi RNA, ndipo timapezeka m'magazi, m'malovu, mumkodzo ngakhalenso mumkaka wa m'mawere.

Magulu a Rose Johnstone ndi Philip Stahl atatitulukira mu 1983, ambiri ankangotiyesa motayira zinyalala za selo. Maganizo amenewa anayamba kusintha mu 1996, Graça Raposo ndi anzake ataonetsa kuti timatumba tochokera ku maselo a B a chitetezo cha m'thupi timanyamula tizidutswa ta mdani n'kudzutsa maselo a T kuti amenye nkhondo.

Koma uthenga umene timatumbati timanyamula suli wa nkhondo yokha. Nsengwa imatumiza timatumba tothandiza kuti chitetezo cha mayi chisalimbane ndi mwana wosabadwa. Khansa nayo ili ndi ukathyali wake: mu 2018 kunapezeka kuti khansa yapakhungu ya melanoma imatulutsa timatumba tokhala ndi puloteni ya PD-L1, imene imafooketsa maselo a T asanafike n'komwe pachotupacho. Maselo ofiira omwe alowedwa ndi tizilombo ta malungo amatulutsanso tawo.

Mu 2020 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu kuti palibe mankhwala a ma exosome amene linawavomereza.