Chimene Akulu Ataya, Mwana Atola: Mbiri ya Zidole ndi Singano

Sabata ino tiyeni tikambe za zinthu zimene mabuku a mbiri yakale sazilabadira: chidole cha nsanza, galimoto ya mawaya, chikulunga, ndi kansalu koyamba kamene mwana amasoka. Mwina muti n'zachibwana. Koma taziyang'anitsitsani, muona kuti choseweretsa cha mwana chimatsata malonda a nthawi yake. Mukafuna kudziwa zimene dziko linkagula m'zaka zina, funsani zimene ana ankaseweretsa.

Masitolo asanabwere, sitolo ya mwana inali dambo ndi munda. Anyamata akamaweta ziweto ankaumba ng'ombe zadothi, za nyanga ndi linunda lomwe, n'kuziyanika padzuwa. Atsikana ankaumba timiphika ta kumasanje, ndipo chitsononkho ankachikulunga ndi masamba n'kuchibereka ngati khanda. Mapesi, bango ndi mlaza zonse zinali zipangizo. Nsalu yokha mwana sankaikhudza. Makolo athu ankavala chiwondo, chimene ankachisula kuchokera ku khungwa la mitengo monga mombo. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuluka nsalu zawo pamanja. Ntchito imeneyo inkadya masiku ambiri, ndiye ndani akanapatsa mwana chigamba choti azisewera nacho?

Singano yachitsulo ndi ulusi wa m'sitolo zinafala limodzi ndi mamishoni komanso amalonda. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre Mission mu 1876, kampani ya Mandala inayamba mu 1878, ndipo a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889. M'sukulu za mishoni anagawa ntchito: anyamata ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku, atsikana kusoka, kuchapa ndi kusita. Apa m'pamene panamera maganizo akuti singano ndi ya mtsikana. Chodabwitsa n'chakuti kale oluka nsalu ku Shire anali amuna, ndipo makina osokera atabwera, amene anakhala pakhonde la sitolo n'kumatchedwa atelala analinso amuna. Mtsikana anaphunzitsidwa kusoka kuti asamale banja, ndalama za kusoka n'kumalowa m'thumba la bambo. Eti mwaiona nkhaniyo?

Telala wa pakhonde ndi munthu wofunika m'mbiri imeneyi. Anthu obwera ku Joni ndi ku Rhodesia ankabwera ndi njinga, ena makina a Singer opalasa ndi phazi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inayamba kupanga nsalu ndi zitenje kuchokera ku thonje lathu lomwe. Yunifolomu, diresi la Khirisimasi, kabudula wa mwana, zonse zinkadutsa kwa telala. Ndipo paliponse pamene sizasi idula, pansi pamagwa zigamba. Ana ankazungulira makinawo ngati nkhuku pamtondo. Zigamba zija zinkasanduka tizovala ta zidole, timatumba, ndi timipira ta fulaye. Kusukulu nako atsikana ankaphunzira Needlecraft: kulowetsa ulusi, kusoka mpendero, kuika batani, kugamba pong'ambika. Funsani amayi anu kapena azakhali anu, ambiri akukumbukirabe kansalu kamene anasoka ali ku pulayimale.

Anyamata mwayi wawo unabwera ndi waya wa mipanda ndi zitsulo zotayidwa. Galimoto ya mawaya si ntchito yamasewera ayi. Uwongole waya ndi mwala, upinde thupi la galimoto, umange polumikiza ndi kawaya kofewa kapena mphira wa chubu cha njinga, matayala upange ndi zitini za polishi kapena zitsekerero za mabotolo, kenako chiwongolero chachitali choti matayala akutsogolo azikhota ukachipotoza. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ankadziwa zonsezi popanda mphunzitsi, ankangoonera kwa achimwene ake. Luso limeneli linatchuka mpaka kunja: mu 1990 Karen Lynn Williams anatulutsa ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya. Ana a kutsidya kwa nyanja anaphunzira liwu lathu kudzera m'choseweretsa chimene ife timachiyesa chaumphawi.

Kenako anabwera majumbo. Anadzaza misika ndi ngalande, ndipo ana anawatola, kuwakulunga mwamphamvu, kuwamanga ndi chingwe kapena mphira, chikulunga n'kubadwa. Osewera mpira angati a dziko lino amene sanayambire pa chikulunga? Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019. N'chabwino ku nthaka ndi mitsinje yathu, ndipo ana ine sindikuwadera nkhawa pamenepo. Akasowa jumbo apeza china, monga anachitira agogo awo.

Chimene chimandidetsa nkhawa chinayamba m'zaka za m'ma 1990. Malonda atamasuka, kaunjika anasefukira m'misika. Ife a pamsika tikudziwa ubwino wake: mwana wa munthu wosauka anavala juzi ndi nsapato zimene kale akanangoziona kwa ana a mabwana. Koma chovala chikatchipa, kugamba kumaoneka ngati kutaya nthawi. Atelala ambiri anatsala ndi ntchito yochepetsa ndi kukonza zipi, zigamba n'kuchepa. M'mabelo momwemo munayamba kutuluka zidole zaubweya, ndipo m'mashopu munadzaza timagalimoto tapulasitiki tochokera ku China. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana oposa miliyoni imodzi n'kulowa sukulu nthawi imodzi. Chinali chinthu chabwino zedi, koma mphunzitsi mmodzi angayang'anire bwanji singano za ana zana? Pambuyo pake silabasi itasintha, kusoka kunalowa mu Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, zojambula ndi masewera.

Pamsika ndimaona mayi akugulira mwana kagalimoto kapulasitiki Loweruka, Loweruka linalo abweranso chifukwa tayala lathyoka. Kwa wogulitsa ndi phindu, sindikana. Koma mwana wa galimoto ya mawaya tayala likachoka sankalira, ankakhala pansi n'kulimanga. Kusiyana kwake n'kumeneko. Wina akuphunzira kudikira kuti amugulire, wina anaphunzira kuti chinthu chikawonongeka chimakonzedwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi njinga yakale ndi zitsulo zotola kudzala, anakulira m'dziko la ana otola ndi kupanga. Manja otere sabadwa tsiku limodzi.

Sindikunena kuti tibwerere ku chiwondo, kapena kuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino. Ndikuti luso ili silifuna ndalama zambiri, limafuna munthu wamkulu woti akhale pansi ndi mwana. Pitani kwa telala wa kwanuko mukapemphe zigamba, ambiri amangozisesa. Mwana wa zaka zisanu muyambitseni ndi singano yaikulu yosathwa, ulusi wokhuthala ndi chidutswa cha saka, inu muli pomwepo. Akazolowera asoke kathumba, kenako aike batani pa malaya ake a sukulu. Ndipo ulendo uno singano mupatse mnyamata yemwe, waya mupatse mtsikana yemwe. Kugawa kuja kunabwera ndi sukulu za mishoni, sikunabadwe nafe.

Nanga inu, chinthu choyamba chimene munapanga ndi manja anu chinali chiyani, ndipo ana anu akudziwa kapangidwe kake?