Nthondo ndi Ana a ku Nathenje ndi Mitundu

Munthu wochokera ku Lilongwe kulowera ku Dedza, akangopitirira pa Nathenje amaona phiri la Nkhoma chakum'mawa. M'tsinde mwa phiri limeneli, m'mene mpingo wa Dutch Reformed unakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1896, ndimo munachokera limodzi mwa mabuku oyamba a Chinyanja kulandira mphoto kunja kwa dziko lino.

Mlembi wake anali mphunzitsi, Bambo Samuel Josia Ntara. Bungwe la ku London loona za zinenero ndi miyambo ya mu Africa litachititsa mpikisano, buku lawo lotchedwa Nthondo linapambana. Linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira a Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Komatu chimene chinakoka owerenga si mphotoyo ayi. Nthondo ndi mnyamata wa pamudzi, wosamva, wa dzanja lalitali, amene anasautsa abale ndi anansi asanalowe ufumu ndi kutembenuka mtima. Mnyamata woweta mbuzi ku Mitundu akanatha kudziona yekha m'nkhani yotere.

Vuto linali lakuti buku limalira ndalama. M'nyumba zambiri za alimi a fodya ndi mtedza, buku likapezeka linali Buku Lopatulika kapena la nyimbo. Mwana ankakumana ndi buku kusukulu kokha, nthawi zambiri ana angapo atapanikizana pa limodzi. Kunyumba nthano zinali m'kamwa mwa agogo, madzulo pamoto, ana akuvomera kuti tili tonse.

M'chaka cha 1967 boma linakhazikitsa lamulo loyambitsa bungwe la National Library Service, lobwereketsa mabuku kwaulere. Pambuyo pake bungweli, mothandizana ndi la CODE la ku Canada, linayamba kusindikiza timabuku ta ana ta zithunzi totchedwa Werengani, ndi kutitumiza m'masukulu.

Phindu la laibulale ya kumudzi linaonekera poyera kumpoto kwa Lilongwe, pa Wimbe m'boma la Kasungu. Kumeneko William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi, anabwereka buku m'kalaibulale ka pasukulu, ndipo poona zithunzi zake anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002. Mu 2012 nkhani yake inatuluka ngati buku la ana la zithunzi, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Mosiyana ndi Nthondo, ilo linalembedwa m'Chingerezi, ndipo linasindikizidwa ku America.