Mwana wa mutu waukulu: mlandu wake ngwa yani?

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, khanda likayamba kukula mutu mopitirira, liwombo litafufuma ndipo maso akugwera pansi ngati dzuwa likulowa, makolo akale sankati zangochitika. Kutupa kulikonse kwa mwana kunkakumbutsa azakhali za tsempho, ndipo funso linkagwera bambo ndi mayi, kuti ndani wa iwo wadumpha mwambo mwana asanamutengere kumphasa. Akapanda kupeza cholakwa m'nyumba, maso ankatembenukira kwa mfiti. Tikhoza kudandaula ndi nkhanza zomwe maganizo amenewa ankadzetsa, makamaka kwa amayi, koma tisaiwale chimodzi chimene anthu aja anali nacho. Ankakhulupirira kuti tsoka la mwana lili ndi mwini wake, ndi kuti wolakwa ayenera kukhala pabwalo pamaso pa nyakwawa ndi eni mbumba, kuvomera, ndi kupereka dipo la nkhuku kapena mbuzi. Chipatala chitabwera chinachotsa mlandu pamutu pa mayi, zomwe zinali zabwino, koma funso loti walakwa ndani linangosowa bwalo lofikira.

Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga Mvera mu 1889, ndipo Kongwe inatsatira mu 1894. Mankhwala a azungu analowa m'mapiri amenewa ngati mphatso ya mpingo, ndipo wolandira mphatso saimba mlandu wopereka. Boma la atsamunda linabweretsa malamulo a ku England kudzera mu Order in Council ya 1902, kenako mu 1911 linaletsa mwabvi ndi kulozana ufiti. Njira yakale yofunsira inatsekedwa, pomwe yatsopano inali m'Chingerezi, kutali, ndipo inkafuna ndalama. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, munthu wa kwa Msakambewa kapena kwa Nthondo sakanalota n'komwe zosumira chipatala cha boma. Mawu akuti "ndi chifuniro cha Mulungu", omwe timawamva pamaliro a ana mpaka lero, anakula m'nthaka imeneyi.

Matendawo ali ndi chiyambi chodziwika. Ubongo umapanga madzi tsiku ndi tsiku, ndipo njira zake zikatsekeka madziwo amadzadza n'kufutukula chigaza chomwe sichinalimbe. Dr Benjamin Warf, atagwira ntchito ku Mbale m'dziko la Uganda kuyambira mu 2000, anapeza kuti mwa makanda khumi alionse a vutoli omwe ankawaona, pafupifupi asanu ndi mmodzi anali atayamba adwala matenda a tizilombo, monga oumitsa khosi, ali akhanda. Kapaipi kotulutsa madzi m'mutu kanakhala kodalirika mu 1956, pamene John Holter wa ku Philadelphia anapangira mwana wake kotsekera koyendetsa madzi mbali imodzi. Kuno kwathu mtengo wake unali wosafikirika, mpaka madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre ankagwiritsa ntchito kapaipi kosavuta kodziwika kuti Malawi shunt, komwe Prof. Adelola Adeloye anakalembera lipoti mu 1997. Pambuyo pake kunabwera ka Chhabra kochokera ku India, komwe Warf anaonetsa mu 2005 kuti ka madola 35 kankagwira ntchito mofanana ndi ka madola 650. Mbiri imeneyi ndi ya anthu omwe anapulumutsa ana ndi zida zochepa, ndipo aliyense wolankhula za milandu ayenera kuyamba waivomereza.

Koma kapaipi ndi chinthu chachilendo m'thupi. Tizilombo ta pakhungu, makamaka ta mtundu wa Staphylococcus, timatha kukakamira pa iko tsiku la opareshoni n'kudzaonekera patapita masabata kapena miyezi ingapo. Nthawi imeneyo mwana sali ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Ali kumudzi, kuseri kwa phiri la Ntchisi, ndipo amene amuone koyamba ndi wachipatala wa ku chipatala chaching'ono yemwe m'mawa womwewo waona ana makumimakumi otentha thupi. Mwana akutentha, akusanza, akukana bere, akungogona, ndipo zonsezi ndi zizindikiro za malungo. Amubaya chala, ndipo m'dzinja mizere iwiri imatha kutulukadi, chifukwa mwana angathe kukhala ndi malungo ndi matenda a m'kapaipi nthawi imodzi. Mayi apatsidwa mankhwala a malungo a LA, abwerera pa kabaza. Kamzere kofiira kotsata kapaipi kuseri kwa khutu, kutsika m'khosi, palibe wakayang'ana chifukwa mwana anali atavala chipewa. Masiku atatu a LA akatha, tizilombo tafika m'madzi a ubongo, ndipo mwana akapulumuka angatsale wosaona, wosamva kapena wakhunyu.

Lamulo limasiyanitsa zinthu ziwiri pano, ndipo limachita bwino kutero. Kulowa kwa tizilombo si mlandu pakokha, popeza zimachitika ngakhale m'zipatala za London. Mlandu ndi kusafufuza pamene wachipatala wosamala akanafufuza. Muyeso wake unachokera ku mlandu wa Bolam wa mu 1957 ku England, wakuti dokotala salakwa ngati wachita zomwe anzake odziwa ntchito akanavomereza. Mwana wa kapaipi akatentha thupi, odziwa ntchito amati mumuganizire kapaipiko mpaka mutatsimikiza kuti si iko, ndipo mumutumize msanga. Njira zodandaulira zilipo: Medical Council of Malawi yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ofesi ya Ombudsman yobwera ndi malamulo a dziko a 1994, Legal Aid Bureau kwa osowa ndalama ya loya. Koma kumudzi amati mlandu suwola, pomwe kukhothi mlandu wa kuvulala uli ndi malire a zaka zitatu, ndipo wosumira boma ayenera kuyamba wapereka chidziwitso cha miyezi itatu kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Umboni wonse umakhala m'kabuku ka kuchipatala, kamene nthawi zina kamanyowa m'chitenje, ndipo momwe mungapezeke mawu awiri okha olembedwa mothamanga.

Ena amati kulimbikitsa milandu yotere n'kuthamangitsa madokotala a ubongo, omwe m'dziko muno tingawawerenge ndi zala. Amaloza ku South Africa, komwe ndalama zomwe anthu akusumira zipatala za boma zinafika pafupifupi 100 biliyoni rand cha m'ma 2019, ndalama zomwe zikanagula mankhwala. Mantha amenewa ndi oona ndipo sindikuwapeputsa. Koma pa nkhani ya matenda osazindikiridwa, woyankha kawirikawiri sakhala amene anachita opareshoni. Ndi dongosolo limene linatulutsa mayi osamuuza m'chinenero chake zizindikiro zoopsa, limene silinalembe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha kabuku kuti mwanayu ali ndi kapaipi, limene linasiya ambulansi yopanda mafuta. Kulanga wachipatala wa ku chipatala chaching'ono yekha kungakhale kubwereza zakale, kupeza wofooka n'kumusenzetsa zonse. Ena amati chithandizo ndi chaulere, ndiye tidandaulirenji. Chipatala cha boma si mphatso ya mishoni, chifukwa mlimi wa fodya ndi soya wa ku Madisi amachilipira ndi msonkho pa sopo ndi shuga aliyense amene amagula.

Umboni woti kufunsa kumathandiza tili nawo. Mu 2019 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb, lokhudza amayi omwe anachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu za boma, ambiri chifukwa cha matenda olowa pambuyo pa opareshoni yobereketsa. Lipotilo linafufuza ukhondo, kuchepa kwa ogwira ntchito ndi kasungidwe ka mafayilo, zinthu zomwe mlandu wa munthu mmodzi sukanaziulula. Njira yoteroyo ikuyenera ana a kapaipi, pamodzi ndi chipukuta misozi kwa banja lomwe lisamale mwana wolumala moyo wake wonse.

Nayonso ntchito ya madokotala ikusintha. Dr Patrick Kamalo wa ku Queens analemba mu 2013 za njira ya ETV, yoboola kanjira m'kati mwa ubongo kuti madzi adziyendera okha popanda kusiya paipi. Si mwana aliyense amene imamuthandiza, choncho ana ambiri a ku Malomo, Mponela ndi Mvera apitiriza kubwerera kwawo ndi kapaipi pansi pa khungu, ndipo woyamba kuwavula chipewa akatentha thupi adzakhala namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo.