Buluku losalowa madzi: mmene oyenda m'mapiri anakumbukirira miyendo mochedwa

Kumadzulo kwa chilumba cha Tasmania, kumwera kwa Australia, mvula ilibe nyengo. Tauni ya Queenstown imalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 2,400 pachaka, ndipo m'mapiri ozungulira chipale chimatha kugwa ngakhale m'miyezi yotentha. Koma amene amayenda m'thengo la kumeneko amaopa zitsamba kuposa mvula. Kuli chitsamba china chotchedwa scoparia, chofika m'chiuno kapena kupitirira, cha masamba olimba osongoka ngati zisonga. Kulinso bauera, chiyangoyango chimene chimakola miyendo ngati khoka. Mvula ikakata, masamba amenewa amasunga madzi tsiku lonse, kotero munthu amanyowa kuchokera m'chiuno kutsika ngakhale kumwamba kutayera. Pansi pali matope ofika m'mawondo, ndipo m'matopemo muli misundu.

Uku ndiye kumene buluku losalowa madzi limayesedwa. Chovalachi chimaoneka chachabechabe, chongovala pamwamba pa buluku lina, koma chinatenga zaka zoposa 150 kuti chifike pamene chilipa.

Anthu a kuzilumba za Aleut, kufupi ndi Alaska, anali atayamba kalekale kuthana ndi madzi. Akazi a kumeneko ankatenga matumbo a akatumbu a m'nyanja, n'kuwatsuka, kuwauzira mpweya, kuwayanika, kenako kuwang'amba m'mizere ndi kusoka chovala chotchedwa kamleika. Ankasokera mitsempha ya nyama, imene ikanyowa imafufuma n'kutseka pamene singano yaboola. Akamaliza ankamanga kukamwa kwa mkono wa chovalacho n'kuthiramo madzi. Dontho likatuluka, msokowo unkabwerezedwa. Mlenje wokwera kabwato m'nyanja yozizira choncho sakanakhala ndi moyo ndi msoko wothonya, ndipo wosoka ankadziwa kuti wovalayo ndi mwamuna wake kapena mwana wake.

Ku Ulaya nkhaniyi inayambira pa zinyalala za fakitale. Mumzinda wa Glasgow ankawotcha malasha kuti apeze gasi woyatsira nyale za m'misewu, ndipo pankatsala phula lambiri losowa kotaya. Katswiri wa mankhwala Charles Macintosh ankagula zotsalazo. Anapeza kuti mafuta ena ochokera m'phulalo, otchedwa naphtha, amasungunula mphira. Mphira wosungunukayo anaupaka pakati pa nsalu ziwiri, ndipo mu 1823 boma linamupatsa chikalata chomuteteza kuti luso limeneli ndi lake.

Madzi sankadutsadi, koma mavuto anali atatu. Kukazizira chikhothicho chinkauma gwa ngati chikumba, kukatentha chinkanata, ndipo fungo lake linkathamangitsa anzako pangolo. Matelala nawo ankachisoka ngati nsalu wamba, mvula n'kumalowera m'mabowo a singano, mpaka kampaniyo inayamba kusoka yokha ndi kumata misoko ndi mphira. Za kuuma ndi kunata zinachepa pamene Thomas Hancock ku England mu 1843 ndi Charles Goodyear ku America mu 1844 analembetsa njira yophika mphira pamodzi ndi sulufule. Chimene sichinatheke ndi thukuta. Munthu wokhala phee pangolo ankafika ali wouma, koma wokwera phiri ankafika pamwamba atanyowa ndi madzi a m'thupi mwake. Aliyense amene anayendapo ulendo wautali atadzikuta pepala lapulasitiki mvula ikugwa akulidziwa vutoli: madzi ndi awiri, ena ochokera kumwamba, ena ochokera mkati, ndipo chotsekera awa chimatsekeranso awo.

Amalinyero anadzera njira ina. Ankadula matanga akale a zombo n'kuwapaka mafuta a nthangala za fulakesi. Mu 1877, woyendetsa sitima wa ku Norway, Helly Juell Hansen, ndi mkazi wake Maren Margarethe anayamba kupanga majekete, zipewa ndi mabuluku otere m'tauni ya Moss. Mabuluku amenewa anali olemera, ogwirizana ndi munthu woima pasitima, osati woyenda makilomita 20 atabereka katundu. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1879, Thomas Burberry anatulukira gabardine, nsalu yolukidwa mothinana kwambiri ndi ulusi wothiridwa mankhwala usanalukidwe. Imeneyi inkatulutsa thukuta ndi kutchinga mphepo. Roald Amundsen anaigwiritsa ntchito pa ulendo wake wa ku South Pole mu 1911, ndipo George Mallory anaivala pa phiri la Everest mu 1924. Pa chipale inkachita bwino. Pa mvumbi wa tsiku lonse inkagonja.

Ku Australia, kuyenda m'thengo kongosangalala kunakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Myles Dunphy ndi anzake anayambitsa Mountain Trails Club mu 1914, ndipo mu 1927 kunabadwa gulu la Sydney Bush Walkers, limene dzina lake linafalitsa mawu akuti bushwalking. Zida zogula m'sitolo zinali zosowa. Mmodzi mwa oyendawo, Paddy Pallin, wochokera ku England, anachotsedwa ntchito mu 1930 chuma cha dziko chitagwa, ndipo anakhala pa makina osokera kunyumba kwake mu Sydney n'kuyamba kusoka zikwama, matenti ndi zofunda. Nsalu imene oyenda a nthawiyo ankaidalira inali japara, thonje lolukidwa mothina limene ankalipaka mafuta kapena phula. Chovala chotchuka chinali chinsalu chokoleka m'mapewa, chophimba munthu ndi chikwama chake chomwe, chimene usiku ankachiyala pansi n'kugonapo.

Nanga miyendo? Inkasiyidwa pamtunda. Oyenda ambiri ankavala kabudula, poganiza kuti khungu limauma msanga kuposa nsalu iliyonse, ndipo silifuna chigamba. M'mapiri a Blue Mountains, kufupi ndi Sydney, maganizo amenewo anali ndi nzeru ndithu, ndipo mpaka lero alipo okalamba amene sasintha. Koma nzeru ya kumalo kofunda inkapha kumalo kozizira.

Umboni wowawa unachokera ku England. Mu Malichi 1964, achinyamata pafupifupi 240 a gulu la Rover Scouts anayamba mpikisano woyenda pansi wa Four Inns, ulendo wa makilomita oposa 60 m'zitunda za Peak District. Kunayamba mvula ndi mphepo, ndipo amene anafika kumapeto anali 22 okha. Anyamata atatu anamwalira. Chodabwitsa chinali chakuti kuzizira kwa tsikulo sikunali koopsa kwenikweni pamene ankanyamuka. Madzi sanali ataundana. Griffith Pugh, dokotala wofufuza za thupi amene anathandiza gulu lofika pamwamba pa Everest mu 1953, anafuna kudziwa chimene chinawapha. Anayesa zovala zonga zimene anyamatawo anavala, jekete lansalu, juzi ndi jinzi, atazinyowetsa ndi kuziombetsa mphepo munthu ali m'kati mwake akugwira ntchito yolimba. Anapeza kuti zovala zimene zimafunditsa bwino zikakhala zouma zimatsala pang'ono kukhala zopanda ntchito zikanyowa pamphepo. Jinzi yonyowa imamatirira ku ntchafu, ndipo minofu ya miyendo ikazizira munthu amayamba kudzandira ndi kugwa. Liwiro likachepa thupi limaleka kudzitenthetsa, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zimathamanga. Zimene Pugh analemba mu 1966 zinasintha maphunziro a otsogolera maulendo: chovala chakunja chizikhala chosalowa madzi, ndipo chifike kumiyendo.

Tasmania inalira maliro ake mu Meyi 1965, pamene gulu la ana asukulu a ku Launceston linakumana ndi chimphepo cha chipale pafupi ndi Cradle Mountain. Mphunzitsi Ewen Scott ndi mwana wasukulu David Kilvert anamwalira. Kanyumba kothawiramo kamene kanamangidwa m'mbali mwa Lake Rodway kamatchedwa ndi mayina awo. Amene anakumanapo ndi chiperoni pamwamba pa phiri la Mulanje, nkhungu itatseka ndi mphepo ikulowa m'mafupa, sangafunse kuti kamvula kowaza kangaphe bwanji munthu wamphamvu.

Yankho la zaka za m'ma 1960 linali nayiloni yopakidwa pulasitiki mkati. Inali yopepuka, yotsika mtengo, yotheka kuipinda n'kuiika m'thumba, ndipo kwa nthawi yoyamba buluku lamvula linakhala chinthu choti woyenda aliyense anganyamule. Koma linali vuto la Macintosh lomwe lija litavala nsalu yatsopano. Ukakwera chitunda thukuta linkayenderera mpaka m'jombo.

Mu Okutobala 1969, Bob Gore, mwana wa eni kampani ya W. L. Gore & Associates ku Delaware, ankayesa kutanula ndodo zotenthetsedwa za PTFE, pulasitiki imene imapakidwa m'mapoto kuti chakudya chisamatirire. Akakoka pang'onopang'ono zinkaduka. Atatopa nazo anakoka imodzi mwamphamvu kamodzi n'kamodzi, ndipo m'malo moduka inatanuka kangapo kutalika kwake, n'kukhala yodzaza timabowo tosaoneka ndi maso. Kampaniyo imati kabowo kamodzi n'kakang'ono maulendo 20,000 poyerekeza ndi dontho la madzi, koma n'kakakulu maulendo 700 poyerekeza ndi kachidutswa ka nthunzi. Dontho limakanika kulowa, nthunzi ya thukuta imatuluka. Mpofunika kutchulanso John Cropper wa ku New Zealand, amene anapanga makina otanula PTFE mu 1966 koma anasunga luso lake mwachinsinsi, ndipo dzina lake linatsalira m'mabuku a milandu ya kukhoti.

Nsalu yokhala ndi PTFE yotanulidwayi, yotchedwa Gore-Tex, inayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo nayo inapunthwa. Mafuta a pakhungu ankalowa m'timabowo tija n'kutsegulira madzi njira, mpaka anawonjezera kansalu kena kotchinga mkati. Misoko inkathonyanso ngati ya matelala a ku Glasgow, kufikira 1979 pamene anayamba kuimata ndi tepi yotenthetsa.

Ngakhale zili choncho, buluku limavutika kuposa jekete. Jekete limangolandira mvula, pamene buluku limagwada pamwala, limakhala pamatope, limakhulana lokha pakati pa akakolo, ndipo ndilo limatsogola kulowa m'scoparia. Munthu akagwada, kulemera kwake konse kumakankhira madzi pa kamalo kakang'ono ka bondo. N'chifukwa chake ogula amayang'ana nambala ya mamilimita yolembedwa pa chovala, imene imanena kutalika kwa madzi amene angaime m'chubu pamwamba pa nsaluyo asanadutse. Ya 10,000 imakwana pa mvula wamba. Oyenda m'malo ovuta amafuna 20,000. Nambala ina ndi ya denier, yonena kunenepa kwa ulusi: buluku la 20 ndi la othamanga m'njira zolambula, pamene la m'thengo limayambira pa 70 kupita m'tsogolo, lokhala ndi zigamba pamawondo, kumatako ndi mkati mwa akakolo. Odziwa amalitembenuza kaye n'kuona ngati lili ndi nsalu zitatu zomatidwa pamodzi, chifukwa lopanda nsalu yamkati limasupuka msanga, ndipo amatsata tepi ya msoko uliwonse ndi chala. Amayesanso kulivala jombo zili kuphazi. Zipi yaitali yam'mbali si yokongoletsa: buluku lofuna kuvula jombo pamatope, zala zitakongwa, limathera m'chikwama tsiku lonse.

Pa Overland Track, njira ya makilomita 65 imene ambiri amaiyenda masiku 6 kuchokera ku Cradle Mountain kukafika ku Lake St Clair, buluku lamvula lili pa mndandanda wa zinthu zimene oyang'anira malowo amauza woyenda aliyense kunyamula. Kunja kwa njira, m'thengo lenileni, oyenda amagawanika. Ena amagula lolimba lodula n'kumalimata zigamba zaka ndi zaka. Ena amagula lotchipa, podziwa kuti scoparia sisankha mtengo, n'kulitaya likatha. Gulu loyamba lija lili ndi mfundo yolemera, chifukwa chotayidwacho sichiwola.

Mankhwala amene kwa zaka zambiri akhala akupakidwa pa nsaluzi kuti madzi aziterereka ali m'gulu la PFAS, limene siliwola m'chilengedwe, ndipo ofufuza alipeza m'mitsinje, m'chipale cha mapiri akutali ndi m'magazi a anthu. Mu 2021 kampani ya Gore inalengeza nsalu yatsopano yopangidwa ndi polyethylene m'malo mwa PTFE, ndipo makampani ambiri asiya mankhwala akale opakira kunja. Atsopanowa satchinga mafuta ndi litsiro ngati akale aja, choncho buluku la lero limafuna kuchapidwa kawirikawiri, kuumitsidwa pa kutentha pang'ono, ndi kupakidwanso mankhwala madzi akaleka kupanga timadontho pa bondo.