Mphunzitsi m'Mudzi Uliwonse: Mbiri ya Maphunziro a Ayuda

 Lero tiri ndi nkhani ya Ayuda, anthu amene ambiri a inu mumawadziwa m'Buku Lopatulika. Mtundu umenewu unabalalika m'maiko a eni zaka mazana ambiri, wopanda mfumu ndi wopanda dziko, koma malamulo ake ndi mbiri yake sizinatayike. Chimene chinausunga ndicho kuphunzitsa ana, ndipo tifuna kuti mumve mmene anthuwa anakonzera ntchito imeneyi.

Poyamba kuphunzitsa mwana kunali pa mutu pa atate ake. Buku la Deuteronomo limalamula kholo kuti lidziuza ana malamulo a Mulungu masiku onse. Koma mwana wamasiye ankakula wosadziwa kanthu. Talmud, ndilo buku lalikulu la aphunzitsi a Ayuda, limasimba kuti akuluakulu anayamba aika aphunzitsi mu Jerusalem, koma ana amasiye analibe wowaperekeza kumeneko. Anaikanso aphunzitsi m'zigawo, ndipo anyamata ankalowa ali ndi zaka 16 kapena 17. Anyamata otere mukuwadziwa: mphunzitsi akawakalipira, ankangonyamuka ndi kubwerera kwao. Pamenepo mkulu wa ansembe, Joshua ben Gamla, pafupi ndi chaka cha 64, analamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi mphunzitsi, ndi kuti ana adzilowa ali ndi zaka 6 kapena 7. M'mera mpoyamba.

Patangopita zaka zochepa, mu chaka cha 70, asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Titus anagwetsa Jerusalem natentha Kachisi. Nsembe zinatha, ansembe anasowa ntchito. Ayuda amasimba kuti mphunzitsi wina, Yohanan ben Zakkai, anaturutsidwa m'mzindamo m'bokosi la maliro mzinda usanagwe, napempha Aroma kuti amlole kusonkhanitsa ophunzira ku Yavneh. Kuyambira pamenepo wotsogolera anthu anakhala mphunzitsi, amene iwo amamutcha rabi, ndipo nyumba yophunziriramo inatenga malo aakulu m'mudzi.

Tsono inu alimi tcherani khutu. Pafupi ndi chaka cha 200, Judah ha-Nasi anasonkhanitsa malamulo amene kale ankangosungidwa pamtima m'buku lotchedwa Mishnah. Bukuli liri ndi zigawo 6, ndipo chigawo choyamba dzina lake ndi Mbeu. Wophunzira ankapezamo za kusiya mbali ya munda yosakolola kuti amphawi akunkhe, za mtolo woiwalika m'munda umene mwini sayenera kuubwerera, ndi za kugoneka munda chaka chachisanu ndi chiwiri. Anthu ambiri masiku amenewo anali ogwira khasu monga inu, chotero zapamunda zinali m'kati mwa maphunziro.

Ku Babylonia, kumene lero kuli Iraq, kunali Ayuda ambiri, ndipo kunabuka sukulu zazikulu ziwiri, ya ku Sura ndi ya ku Pumbedita. Aphunzitsi akumeneko anadziwa kuti mlimi sangasiye munda chaka chonse. Anapatula miyezi iwiri, wina cha m'February ndi March, wina cha m'August ndi September, pamene ntchito inkachepa, kuti amuna ochokera kutali adzaphunzire pamodzi. Mphunzitsi wina wa zaka za m'ma 300, dzina lake Rava, ankaletsa ophunzira ake kubwera kwa iye m'nyengo yokolola tirigu ndi yofinya mphesa, poopa kuti angagone ndi njala chaka chonse. Rava yemweyo anaika muyeso wa ana: mphunzitsi mmodzi asapitirire ana 25, akakwana 40 mudzi umlembere womthandiza, akakwana 50 pakhale aphunzitsi awiri.

Buku lokha silinali lokwanira. Lamulo linati atate aphunzitse mwana Malamulo a Mose ndiponso ntchito ya manja yodyera, chifukwa mwana wopanda ntchito amathera ku umbava. Ena anaonjeza kuti amphunzitsenso kusambira. Ndipo msinkhu sunali choletsa: Akiva, mmodzi wa aphunzitsi omveka koposa, amasimbidwa kuti anali mbusa wa nkhosa amene anayamba kuphunzira ali ndi zaka 40.

Kaphunziridwe kake kangakudabwitseni. Ophunzira amawerenga mokweza mau, ndipo akakula amakhala awiriawiri, wina kunena, mnzake kumtsutsa, kufikira mfundo itaoneka bwino. Mwana wofunsa mafunso amayamikidwa. Pa chakudya cha Paskha, wamng'ono m'banja ndiye amayamba kufunsa chifukwa cha mwambowo, ndipo akulu amamyankha posimba mbiri ya kuturuka m'dziko la Egypt. Mwambo uwu uchitikabe kufikira lero.

Panali chosowa chimodzi chachikulu. Sukulu zonsezi zinali za ana aamuna. Atsikana ambiri ankangophunzira kwa amai ao pakhomo. Mu chaka cha 1917 mai wina wosoka zobvala, Sarah Schenirer, anatsegula sukulu ya atsikana mu mzinda wa Kraków ku Poland, chifukwa anaona kuti atsikana osaphunzira mwambo wao anali kuutaya. Sukulu za mtundu umenewo, zotchedwa Bais Yaakov, lero ziri m'maiko ambiri.

Mau otsiriza ndi anu mafumu. Nthawi zambiri Ayuda analibe boma lao lowamangira sukulu. Mudzi unkasonkha wokha malipiro a mphunzitsi, ndi kulipirira mwana wa mmphawi. Maimonides, mphunzitsi ndi sing'anga amene anafera ku Egypt mu chaka cha 1204, analemba m'malamulo ake kuti mudzi wopanda sukulu ya ana usalidwe kufikira utapeza mphunzitsi. Mlandu unkagwera mudzi wonse, osati kholo lokha ai.

Mukakhala pabwalo sabata ino, werengani ana a zaka 6 ndi 7 a m'mudzi mwanu, aamuna ndi aakazi, amasiye omwe, ndipo mufunsane kuti ndi angati amene amalawirira ku sukulu m'mawa.