Lipenga la Mkuwa ndi Lipenga la Chikho

M'chaka cha 1902 Angerezi anakhazikitsa gulu la asilikali la King's African Rifles. Ku Zomba, kumene kunali likulu lawo m'dziko muno, anyamata a Nyasaland anazolowera kuguba motsogozedwa ndi malipenga a mkuwa. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha, anabwerera kwawo ali amuna aakulu, m'manja mulibe lipenga, koma nyimbo zili m'mutu.

Sanakhale chete ayi. Anatola zikho, naziboola, namata pabowopo nembanemba ya kangaude, ndipo chikho chinalira ngati lipenga. Umu ndimo anakulira magule a malipenga ku Nkhata Bay ndi mganda m'chigawo chapakati. Nayenso beni wa ku Mangochi anatengera perete yemweyo.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje luso limeneli si lachilendo, pakuti zikho zokhala pansi pa valimba wa Asena zimamatidwanso nembanemba yomweyo kuti mawu azinjenjemera.

Tsono wamkulu amene anasiya kuimba ali mwana, ndipo lero akuopa kulowa bandi ya kumpingo poti imvi zamera, akumbukire asilikali aja. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.