Magalimoto Amene Anakana Kufa ku Kitwe ndi ku Ndola

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga ku Chimwemwe, mu mzinda wa Kitwe, kuli kagalaja ka malata, ndipo m'katimo muli Peugeot 504 yoyera imene yakhala pa njerwa zaka zambiri. Mwezi wathawu kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha atanyamula sikelo yawo. Anaizungulira galimotoyo, naigogoda, natchula mtengo wake ngati akugula thumba la makala. Agogo sanapse mtima. Anangofunsa kuti, "Ana inu, kodi alipo mwa inu amene angandionetse pamene pali kabyureta?" Panalibe. Ine ndemwe, ndi maphunziro anga onse a ku koleji, ndinangoweramitsa mutu.

Kuyambira tsiku limenelo ndimapita kugalajako Loweruka lililonse. Tsono anzanga achinyamata, ndifuna ndikuuzeni chimene ndaphunzirako. Ku Ulaya kusunga galimoto yakale ndi masewera a anthu olemera. Kuno ku migodi sizinali choncho. Magalimoto athu akale anakhala ndi moyo wautali chifukwa cha mavuto, ndipo mavutowo ndiwo anaphunzitsa makolo athu luso.

Pamene migodi ya Roan Antelope ku Luanshya ndi Nkana ku Kitwe inayamba kutulutsa mkuwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, galimoto inali ya mzungu. Munthu wakuda ankabwera kumigodi pa sitima kapena wapansi, ndipo akalemera ankagula njinga. Ntchito za umisiri m'mashopu a migodi zinali za azungu okha. Wakuda ankatchedwa sipanala boyi. Ntchito yake inali kupereka sipanala ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Koma maso alibe mpanda. Anyamata amenewa, ambiri ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke monga agogo anga, ankaona zonse ndi kusunga mumtima.

Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, koma chimwemwe cha oyendetsa galimoto sichinakhalitse. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira yokha, ndipo posakhalitsa mafuta amene ankadzera kumwera anasiya kufika. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi. Ndege za Britain zinkatula mafuta ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo malole ankakoka migolo kuchokera ku Dar es Salaam pa msewu wafumbi ndi matope umene oyendetsa anautcha Hell Run chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Mu 1968 paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inafika ku Ndola, ndipo mu 1973 anatsegula malo oyengera mafuta a Indeni. Motero Ndola unasanduka mzinda wa magalimoto. Dunlop inkapanga matayala komweko, Rover Zambia inkalumikiza ma Land Rover, ndipo koleji ya NORTEC inkaphunzitsa amakanika a satifiketi. Ku Livingstone nako fakitale inayamba kulumikiza ma Fiat, kenako ma Peugeot 504 ndi ma Mazda 323.

Zinthu zinatembenuka mu 1975 pamene mtengo wa mkuwa unagwa. Dziko linkapeza pafupifupi ndalama zonse zakunja kuchokera ku mkuwa, ndiye mkuwa utagwa, zipangizo za galimoto zinasowa m'masitolo. Mu Okutobala 1985 boma linayamba kugulitsa madola pa okushoni. Dola imene inali pa K2.20 inafika pa K21 mu Epulo 1987. Munthu amene ankalimbana ndi mtengo wa ufa, umene unabutsa zipolowe m'mizinda ya migodi mu Disembala 1986, sakanalota za galimoto yatsopano. Yomwe anali nayo inayenera kuyendabe basi.

Apa ndi pamene a sipanala boyi aja anaonetsa zimene anasunga. Pansi pa mitengo ya mango ku Chamboli, Buchi, Chifubu ndi Masala panabadwa magalaja opanda chikwangwani. Gasiketi ikatha, ankatenga katoni yolimba, naiika pa chitsulo, naigogoda pang'onopang'ono ndi hamala mpaka m'mphepete mwa chitsulomo mutadula katoniyo mofanana ndi yakale. Malabala a m'miyendo ya galimoto ankawasema kuchokera ku tayala lakutha. Thanki ya petulo ikaboola panjira, ankamatapo sopo, pakuti petulo sasungunula sopo monga achitira madzi. Injini ikatopa sankaitaya. Ankapita nayo kwa amisiri a makina osulira zitsulo kuti akulitse mabowo a mapisitoni ndi kuikamo mapisitoni okulirapo pang'ono. Magalimoto atatu akufa ankabala imodzi yamoyo. Sizonse zinali zabwino ayi. Mabuleki okonzedwa mongoyerekeza anapha anthu, ndipo zipangizo zina zimene zinkagulitsidwa m'makomboni zinkatuluka m'mashopu a migodi usiku. Agogo akafika pamenepa amatsokomola ndi kusintha nkhani.

Nanga n'chifukwa chiyani 504 inakondedwa chotere? Inatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1975 Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa Safari ku Kenya. Koma makolo athu sanaikondere mipikisano. Anaikonda chifukwa ndi yotalika miyendo, siopa maenje, ndipo injini yake munthu angathe kuimasula ndi zida zokwana m'kabokosi kamodzi. Inkachoka ku Kitwe itadzaza ana, mbuzi ndi matumba, n'kukafika ku Katete. Ku France anasiya kuipanga, koma ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza mpaka zaka za m'ma 2000.

Chimene njala ya zipangizo inalephera kuchita, kuchuluka kwa magalimoto kunachita. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malire anatsegukira katundu wakunja. Mabasi aang'ono ndi magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan anadzaza msewu wa Ndola ndi Kitwe. Kampani ya mabasi ya UBZ inathetsedwa mu 1995, mafakitale olumikiza magalimoto anafooka, Dunlop inatseka fakitale yake ya ku Ndola, ndipo pofika mu 2000 migodi ya ZCCM inali itagulitsidwa, anthu zikwi zambiri atachotsedwa ntchito. Corolla yotsika mtengo inkadya mafuta ochepa, ndiye ndani akanavutikanso ndi Peugeot? Zambiri zinakwezedwa pa njerwa n'kusanduka makola a nkhuku. Mvula yathu ya Novembala mpaka Epulo inachita zotsalazo, pakuti dzimbiri limayambira pansi pa kapeti pamene madzi amabisala.

Galimoto za lero makanika amazifunsa matenda ndi kompyuta. Ya agogo amaifunsa ndi khutu. Amaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pa khutu, n'kunena valavu imene ikugogoda. Andiphunzitsa kuti injini imene yagona zaka suiliza msanga. Umachotsa mapulagi, n'kuthira mafuta pang'ono m'mabowomo, n'kudikira masiku angapo, kenako n'kuizunguza ndi dzanja. Petulo wakale umamutaya, thanki n'kuitsuka. Mpata wa mapointi uyenera kukhala mamilimita 0.4, ndipo iwo amaudziwa ndi maso pamene ine ndimafuna choyezera. Tinapezanso vuto limene iwo sankalidziwa kale, lakuti petulo wa masiku ano alibe mtovu, ndiye injini zina zakale zimadyeka pokhalira mavalavu ngati suthiramo mankhwala ake.

Loweruka lapitali injini inazungulira ndi dzanja koyamba. Agogo anapukuta manja pa ovolosi yawo yakale ya kumgodi, nati, "Mdzukulu wanga, sabata yamawa ubwere ndi anzako awiri. Giyabokosi ndi yolemera, ndipo msana wanga unatsala ku Nkana." Amene afuna kubwera andione tikatha msonkhano wa achinyamata, ndipo avale zovala zimene amayi awo sadzadandaula nazo.